Kuloweza pa bolodi kapena kufotokoza za dzulo ndi mawa?

Ku Matero kuno mu Lusaka ndaona njira ziwiri zophunzitsira ana kunena zakale ndi zam'tsogolo m'Chingelezi.

Yoyamba ndi yoloweza. Aphunzitsi amalemba pa bolodi go, went, gone, ana n'kumayimba limodzi mpaka mawu kusasa. Sindiinyoza ayi, chifukwa aneni ngati buy ndi bought satsata lamulo la -ed, amangofunika kuwasunga m'mutu. Koma mwana yemweyo mukamufunsa za dzulo, mumva "I go to Soweto yesterday."

Yachiwiri ndiye ndimaikonda. Mumayambira pa Chinyanja: ndinapita, ndidzapita. Mwana aone yekha kuti ife timasintha pakati pa mawu, -na- ndi -dza-, pomwe Chingelezi chimasintha kumapeto kapena liwu lonse, ndipo pa zam'tsogolo chimangoika will, mneni osamukhudza. Kenako afotokoze za dzulo lake: anakwera minibasi, anagula tomato ndi kapenta. Went ndi bought amazigwira msanga poti nkhaniyo ndi yakeyake. Zam'tsogolo nazonso zilipo, mayeso a Giredi 7, ulendo wa ku Chipata pa holide.

Njirayi imadya nthawi, makamaka m'kalasi yodzaza. Komabe ine kuloweza ndimakupatsa mphindi zisanu zokha, zotsalazo ana alankhule.