Wotchi yowerenga masitepe: pamsewu imanena zoona, kukhitchini imanama

Ndaivala miyezi inayi tsopano, ndiye ndikhoza kuyankhulapo. Ndinaigula ku Limbe adokotala atandiuza kuti ndi BP yangayi ndiziyenda tsiku lililonse. Ndi zija zakuda zopyapyala, zolumikiza ku foni. Batire imatha pafupifupi sabata, thukuta ndi mvula sizinaiwononge. Pamenepo ndilibe dandaulo.

Koma ine sindikhulupirira chinthu ndisanachiyese. Ndinabwereka tepi ya bambo a kunyumba, n'kuyeza mamita 20 pabwalo la mpira. Ndinayenda monga ndiyendera masiku onse, ndikuwerenga chapakamwa: masitepe 30. Kubwereza katatu, yomweyo. Mukagawa mamita 20 ndi 30, sitepe yanga ndi masentimita pafupifupi 67, kutanthauza kuti pa kilomita imodzi ndimaponda ka 1,500. Bambowo ndi a miyendo yaitali, anamaliza ndi masitepe 25 okha. Yawo ndi masentimita 80, pa kilomita 1,250. Msewu womwewo, koma woponda kambiri ndine.

Kuchoka kwathu kukafika kumsika ndi makilomita 2 malinga ndi mapu a pafoni, choncho ndimayembekezera masitepe 3,000. Tsiku loyamba wotchi inaonetsa 3,080, lachiwiri 2,950. Apo ndinaigomera. Pomwe inalakwitsa ndi pa mtunda, inati ndayenda makilomita 2.3. Ilibe GPS, chida chija chodziwa malo omwe muli, imangochulukitsa masitepe ndi muyezo womwe inabwera nawo, ngati kuti tonse tili ndi miyendo yofanana. Nditalowetsa msinkhu wanga pafoni zinakhalako bwino. Komabe pachitunda masitepe amafupika, ndipo iyo sidziwa, imakupatsani mtunda woposa womwe mwayenda. Kwa ife a ku Blantyre kuno zitunda ndiye moyo wathu.

Bodza lenileni lili kunyumba. Wotchiyi simva phazi, imamva kugwedezeka kwa mkono. Tsiku lina ndinavundula nsima ya anthu asanu ndi awiri, kuyang'ana pamkono akuti ndayenda masitepe 400, chonsecho ndili chiimire pambaula! Kuchapa ndi kusinja ndiye musanene. Mu minibasi, pamsewu wa maenje, imawerenganso. Pomwe ndikasenza ndowa nditaigwirira ndi dzanja lovala wotchilo, kapena kukankha wilibala, imangoti zii, ngati ndakhala pansi. Ndinaisamutsira kumanzere, ndipo pophika ndimaivula.

China chomwe chinkanditopetsa ndi kulira kwake madzulo kuti sindinakwanitse masitepe 10,000. Nambala imeneyi inatchuka ku Japan cha m'ma 1965, pomwe ankatsatsa kachipangizo kotchedwa manpo-kei, dzina lotanthauza "choyezera masitepe 10,000". Kwa ine amenewo ndi makilomita pafupifupi 6.7, kwa bambo ndi 8. Ndi ana, ndi geni, nthawi imeneyo ndiitenga kuti? Ndinatsitsa kufika pa 7,000, ndipo masiku ambiri ndimakwanitsa popanda thandizo la mthiko.

Ndikuipatsa nyenyezi zitatu mwa zisanu. Imandidzutsa m'mawa kuti ndikayende, ndipo pamsewu wosalala manambala ake amagwirizana ndi masamu anga. Mukagula, yezani kaye sitepe yanu ndi tepi musanakhulupirire makilomita ake. Lamba wake wayamba kale kuthetheka pabowo lomwe ndimamangira, ndipo wina wosinthira sindinamupeze.