Chingerezi cha pamsika ndi pantchito: kalasi yolipira, foni kapena buku?

Anzanga a ku Ulongué ndi ku Zóbuè sakundipumitsa ndi funso limodzi: Chingerezi chongomvanirana ndi madalaivala a mathiraki kapena akuluakulu a kumgodi ku Moatize tichipeze kuti? Funsolo n'lomveka. Sukulu tinaphunzira m'Chipwitikizi, koma chigawo chathu cha Tete kuno ku Mozambique chazunguliridwa ndi Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, konse kumene mapepala amalembedwa m'Chingerezi.

Ndiyambe ndi kalasi yolipira, poti ndi imene ikundiwawabe mumtima. Dzina la malowo sinditchula. Pachikwangwani analemba mtengo wa pamwezi wokha, ndipo unali wokopa. Tsiku lolembetsa akuti palinso ya matrícula, ndalama yolembetsera dzina. Titangoyamba, akuti aliyense agule mapepala a fotokope kwa iwo omwewo, kujambula a mnzako pafoni n'koletsedwa. Gawo loyamba likutha, kwabwera ndalama ya mayeso. Wakhoza? Satifiketi ili ndi mtengo wake, ndipo usanaiwombole gawo lachiwiri sulowa. Zonsezi sanazinene poyamba; ankazitulutsa imodziimodzi, akaona kuti walowetsa kale ndalama zambiri moti kusiya kukupweteka. Ya chapa (minibasi) yopita ndi kubwera sindikuwerengera n'komwe.

Zikanakhala kuti tinatulukamo ndi mawu, bwenzi ndili chete. Koma nthawi yambiri inathera kukopera malamulo a galamala pabolodi. Mawu ofunsira mtengo wa thumba la mbatata ya kachewere, owerengera pepala la katundu pachipata, omvera chenjezo la chitetezo pantchito, amenewo sanatiphunzitse. Chabwino chimodzi ndivomere: mukalasi muli munthu wokuwongola ukatchula mawu molakwika, zimene buku silingachite.

Duolingo, pulogalamu ya pafoni yophunzitsa zinenero, ndi yaulere ndipo imakukumbutsa tsiku ndi tsiku, koma Chichewa mulibe. Umaphunzira Chingerezi kudzera m'Chipwitikizi, chomwenso ndi cha ku Brazil. Amene Chipwitikizi chimawavuta kale asenza mitolo iwiri, ndipo zotsatsa malonda zimadya mamega.

Google Translate ili ndi Chichewa kuyambira 2014. Pa liwu limodzi imathandiza. Ukaipatsa chiganizo chachitali nthawi zina imabweza zopindika. Ngati Chipwitikizi mumachidziwa, dzerani kumeneko, ndipo mukapeza Wi-Fi tsitsirani Chingerezi ndi Chipwitikizi mufoni kuti zizigwira popanda intaneti. Vuto lake n'lakuti liwu lopeza mosavuta limathawanso msanga m'mutu.

Ine mtima wanga uli pa dikishonale ya pepala, ndipo sindibisa. Ya Steven Paas, imene Oxford inasindikiza mu 2016, imachoka Chichewa kupita Chingerezi n'kubwereranso. Ndi ya Chichewa cha ku Malawi, koma ife a ku Angónia palibe chotisokoneza m'menemo. Tumani munthu wodutsa pachipata cha malire cha Calómuè kupita ku Lilongwe akakuyang'anireni m'masitolo a mabuku. Mumalipira kamodzi, sifuna chaji, magetsi akathima imagwirabe, ndipo banja lonse limagwiritsa ntchito. Kufufuza tsamba ndi chala kumachedwetsa, koma kuchedwa komweko kumachititsa kuti liwulo likhazikike, makamaka mukalilemba m'kope pamodzi ndi chiganizo chanuchanu cha zimene mumachita pamsika kapena kumunda.

Chilema chake n'chakuti buku sililankhula, pomwe Chingerezi chimalembedwa kwina n'kutchulidwa kwina. Apa m'pamene wailesi imalowera. Ife okhala kufupi ndi malire tili ndi mwayi: wailesi ya ku Malawi ya MBC imawerenga nkhani m'Chingerezi komanso m'Chichewa, ndiye mukamvera zonse ziwiri tsiku lomwelo mumagwira mawu ambiri osatsegula n'komwe buku. A patali, tsitsani pulogalamu ya BBC ya 6 Minute English; ndi yaifupi, imafotokoza mawu ochepa pa nkhani imodzi, ndipo mmodzi akatsitsa ena angotumizirana pa Bluetooth.

Ndiye mukandifunsanso, yankho langa ndi buku, kope ndi wailesi, foni ingothandizira mukapanikizika. Amene abwana awo akufuna satifiketi, kalasi simungaithawe, koma musanatulutse metikali ngakhale imodzi auzeni akulembereni papepala ndalama zonse kuyambira matrícula mpaka satifiketi, asainire.