Big Hole ya ku Kimberley: dzenje limene linakokera Angerezi kumtunda

Amene mungapezeke ku Northern Cape m'dziko la South Africa, patukirani ku Big Hole, mgodi wakale wa dayamondi, mumzinda wa Kimberley. Koma musangojambulitsa chithunzi n'kumapita, chifukwa nkhani yeniyeni ili m'nyumba yosungiramo zakale imene ili pambali pake.

Kuli kanema wamfupi wofotokoza mbiri ya malowo, kenako mumakwera pansanja yachitsulo imene inalendewera pamwamba pa dzenjelo. Ine miyendo inachita kunjenjemera. Pansi penipeni pali madzi obiriwira ali phee. Dzenjeli kukamwa kwake ndi mamita oposa 450, ndipo linayamba kukumbidwa mu 1871 ndi mapiki ndi mafosholo. Pamene mgodiwu unkatsekedwa mu 1914, munali mutatuluka dayamondi wolemera makilogalamu pafupifupi 2,700. Kalole kamodzi kangathe kunyamula zonsezo, komatu anthu pafupifupi 50,000 anakhetsera thukuta pamenepa.

Chimene chinandigwira mtima ndi zaka zake. Mu 1854 Angerezi anachoka okha m'dera la kumpoto kwa mtsinje wa Orange, poona kuti ndi thengo louma longowadyera ndalama. Mu 1867 mnyamata wina anatola kamwala konyezimira pafupi ndi Hopetown. Ndi dayamondi uja amamutcha Eureka, ndipo mungathe kumuona m'chipinda chotetezedwa cha pamalopa. Kuchepa kwake mpaka ndinaseka! Pofika mu 1871 Angerezi omwe aja anali atabwerera, akuti kudzateteza mfumu ya Agriqua, Nicolaas Waterboer, n'kulanda dera lonse la Griqualand West, kumene kuli Kimberley. Dothi linali lomwe lija, dzuwa lomwe lija. Chinasintha n'chakuti tsopano anadziwa zimene zinali pansi.

Ndalama za m'dzenje muno sizinathere pomwepa. Cecil Rhodes anagula migodi ya mnzake wopikisana naye, Barney Barnato, ndipo mu 1888 kunabadwa kampani ya De Beers Consolidated Mines. Chaka chomwecho nthumwi za Rhodes zinasainitsa mfumu Lobengula ya Amandebele pangano lokhudza miyala yamtengo wapatali, ndipo mu 1889 Rhodes anapatsidwa chilolezo cha kampani ya British South Africa Company, imene inadzalamulira Zimbabwe ndi Zambia wa lero. Ngakhale boma la Harry Johnston ku Zomba linkalandira mapaundi 10,000 pachaka kuchokera ku kampaniyi m'zaka zoyambirira.

Mukafika pa zithunzi za makomponi, musafulumire. Kuyambira cha m'ma 1885 anthu akuda ankatsekeredwa mumpanda mpaka kontirakiti itatha, ndipo asanatuluke ankawasecha thupi lonse, ngakhale m'kamwa, kuopa kuti ameza mwala. Atsamunda sankangofuna mwalawo ayi, ankafunanso manja otchipa oukumba.

Kulinso chikepe chokutsitsirani mu mgodi wongoyerekezera, mdima ndi phokoso la kuphulika kwa miyala zili momwemo. Ana amasangalala nazo kwambiri, ine sindinakhalitseko. Tauni yakale ya nyumba zamalata, mabala ndi tchalitchi ndi yabwino kuyendamo pang'onopang'ono.

Pitani m'mawa ndipo mutenge chipewa ndi madzi, dzuwa la ku Kimberley silinyengerera. Mudzipatse maola awiri kapena atatu, makamaka ngati mumakonda kuwerenga zolembedwa m'makoma.