Galaja ya pa Kamuzu Road yomwe inayeza mawaya isanandigulitse throttle body

Galimoto yanga ndi ya m'chaka cha 2004, ndipo kwa miyezi itatu inkandizunza pamsewu wa M14 pochokera ku Lilongwe: nyali ya injini inkayaka, mphamvu n'kutheratu, moti ngakhale ndiponde moto chotani inkangokwawa. Makaniko awiri anali atagamula kale kuti ndigule throttle body ina, chipangizo chomwe chimatsegula ndi kutseka njira ya mpweya wolowa mu injini. Ndinamvera, ndinagula yogwiritsidwapo kale ntchito, koma vuto linabwerera sabata isanathe.

Pagalaja ina yaing'ono ya pa Kamuzu Road kuno ku Salima ndi pomwe ndinapeza munthu wofatsa. Atalumikiza makina ake oyezera, panatuluka nambala yosonyeza vuto ya P2135, ndipo anandifotokozera kuti throttle body ili ndi masensa awiri owuza kompyuta ya galimoto pomwe chitseko cha mpweya chafika. Awiriwo akasemphana mawu, kompyuta imachepetsa mphamvu dala pofuna kuteteza woyendetsa. "Bambo, tisathamangire kugula, tiyambe taona mawaya," anatero.

Apa ndi pomwe ndikuwayamikira kwambiri. Anayeza mawaya onse asanu ndi limodzi a papulagi yolumikizira ku throttle body, napeza kuti waya wobweretsa mavoti 5 unkadukiza akaugwedeza. Atasenda tepi, tinaona ndi maso athu kuti chikopa cha mawaya chinali chitauma n'kusweka chifukwa cha kutentha kwa injini kwa zaka zambiri, ndipo kutentha kwa kunyanja kuno sikuchitira chifundo pulasitiki yokalamba. Mapini awiri a pulagi anali atachitanso dzimbiri lobiriwira. Sanangopota mawaya ndi zala monga ambiri amachitira, koma anadula gawo lonse lowonongeka, anawotcherera atsopano, nawakutira bwino kutali ndi malo otentha. Pomaliza anabwezeretsa throttle body yanga yakale ija ataitsuka, n'kuiphunzitsanso kompyuta kuti injini izilira mofatsa galimoto ikaima.

Chodandaula chilipo. Ntchito yomwe anati itha tsiku limodzi inatenga masiku atatu, chifukwa pulagi inachita kuitanitsidwa ku Lilongwe ndipo magetsi anazima tsiku lachiwiri, koma palibe anandiimbira foni kundiuza. Lisiti nalonso ndinachita kupempha kawiri, zomwe sizoyenera pantchito ya magetsi imene munthu angafune kubwerera nayo.

Ndayenda nayo kupita ku Nkhotakota pamsewu wa M5 kanayi tsopano, komanso ku Senga Bay masana dzuwa likuswa mtengo, ndipo nyali ija sinayakenso. Throttle body yomwe ndinagula pachabe ija ili m'katoni kunyumba.