Njinga ya gravel pa misewu ya ku Dzalanyama, Bunda ndi Nkhoma: yabwino, koma muigule ndi masipeyala ake

Njinga yanga ya gravel, kutanthauza njinga yopangidwira misewu yafumbi ndi ya timiyala, ndikuipatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu. Yachisanuyo ndaimana chifukwa cha matayala ndi masipeyala, osati chifukwa cha mayendedwe ake, pakuti kumbali ya kuyenda sindinakwerepo njinga ina yofanana nayo pa misewu yathu yafumbi.

Ndinaigula kuno ku Lilongwe kwa munthu wina amene amaitanitsa njinga zogwiritsidwapo kale ntchito kuchokera ku South Africa. Felemu yake ndi ya aluminiyamu, foloko ndi ya carbon (chipangizo chopepuka koma cholimba, chosakhala chitsulo), mahandulo ndi opindikira pansi ngati a njinga za mpikisano, matayala ndi a 700c (saizi ya magudumu a njinga za mpikisano) otambalala mamilimita 40, mabuleki ndi a disiki okoka ndi waya. Kutsogolo kuli giya imodzi yokha ya mano 40, kumbuyo magiya 11, kuyambira ya mano 11 mpaka ya mano 42. Ndayenda nayo nyengo yozizira, yotentha ndi ya mvula yomwe, ndiye zimene ndikulembazi ndaziona ndi maso.

Amene amapanga njinga zamtunduwu amazionetsa pa misewu ya pakati pa minda ya mphesa, ku Stellenbosch kapena ku Tuscany m'dziko la Italy, kumene mpikisano wa Strade Bianche wakhala ukuchitikira pa misewu ya timiyala toyera chiyambire 2007. Misewu imeneyo ndi ya mapiri ndithu, koma ndi yolimba ndiponso yosamalidwa. Funso langa pogula linali lakuti kodi njinga yopangidwira kumeneko ingapirire katondo wathu, mchenga, makande a m'madambo ndi minga? Yankho ndi lakuti inde, koma pali zofunika kusintha.

Ndiyambe ndi njira ya ku Dzalanyama, chifukwa ndi kumene njingayi imaonetsa chimene inapangidwira. Mukatuluka m'tauni kudzera ku Likuni kulowera cha ku Malingunde, pa phula imathamanga pafupifupi ngati njinga ya mpikisano, simutopa nayo mmene mumatopera ndi mountain bike ya matayala a zigoba zikuluzikulu. Phula likangotha, m'pamene mumadziwa kuti ndalama zanu sizinapite pachabe. Pa dothi lolimba imayandama. Pa timabampu tating'onoting'ono tija timene magalimoto amasiya mu msewu wouma, imagwedeza manja inde, koma mukachepetsa mpweya m'matayala zimasintha kwambiri. Ine ndimapopa pakati pa 35 ndi 40 psi (muyeso wa mpweya wa m'tayala). Apa ndikuchenjezeni: okonza njinga ambiri amapopa tayala mpaka ligwe nga nga nga, amayesa ndi chala chachikulu basi. Pa njinga ya kabaza yonyamula munthu ndi katundu zimenezo n'zoona, koma pa iyi mukatero mumva mwala uliwonse m'mano, ndipo tayala lakumbuyo limaterereka pokwera mtunda.

Mukalowa m'nkhalango mwenimweni, m'mitengo ya mombo ndi misuku, mitunda imayamba. Giya ya mano 42 ija imakwanira pa mitunda yambiri, ngakhale pali malo ena amiyala pamene ndimalakalaka pakanakhala ina yopepukirapo. Chimene ndinaikondera kwambiri ndi potsika. Mumagwira pansi pa mahandulo, zala ziwiri pa buleki, thupi n'kulibweza kumbuyo pang'ono, njinga n'kumatsata mzere umene mwasankha osagwedezeka. Mabuleki a disiki amagwira ngakhale mutangowoloka kamtsinje, pamene a labala ogwira pa limu amayamba alira kaye asanagwire.

Ndisanapitirire ndinene za anthu amene mukumane nawo m'njira imeneyi. M'mamawa mumakumana ndi abambo okankha njinga zosenza matumba a makala kupita nawo m'tauni, katundu wotalika kuposa mwini wake. Apatukireni, makamaka iwo akamatsetsereka, chifukwa kuimitsa katundu wotere si kwapafupi. Ndipo zimandiwawa mtima kuona zitsa ndi utsi wa mauvuni m'kati mwa nkhalango imene mtsinje wa Lilongwe umayambira, mtsinje umene umadzaza madamu a Kamuzu ku Malingunde n'kutipatsa madzi amene timamwa m'tauni muno. Makalawo ogula ndife tomwe. Munthu ukaziona uli pa njinga, pafupi chonchi, nkhani ya Dzalanyama imasiya kukhala ya pa wailesi.

Njira ya ku Bunda ndi Mitundu ndi yofewerapo, yabwino kwa woyamba kumene. Mumadutsa m'minda ya chimanga, mtedza ndi fodya, zigafa zili m'mbali, phiri la Bunda likuoneka patali. Vuto kumeneko ndi mchenga wa m'malo otsika mu Okutobala. Matayala a mamilimita 40 amamira, ndipo mukachita mantha n'kugwira buleki, mwagwa. Muyenera kupalasabe osaleka, mahandulo osawaumiriza. Ku Nkhoma, kumene kuli mishoni yakale ya 1896, ndimapatukira pa Kamphata kenako n'kusiya phula kulowa tinjira ta m'midzi ta m'munsi mwa phiri. Kumeneko ndi miyala ndi mitunda yaifupi koma yoimirira, ndipo njingayi, popeza ndi yopepuka, mumangoinyamula paphewa pamene palibe poyenda.

Tsopano zodandaulitsa.

Matayala amene inabwera nawo anali ofewa m'mbali. Minga ya m'tinjira ta ng'ombe inkawaboola mosavuta, ndipo limodzi linang'ambika m'mbali pa mwala wakuthwa cha ku Mitundu. Ndinaikankha mpaka pa msika, kwa bambo wina wokonza njinga pansi pa mtengo wa mango. Anatembenuza njingayo, n'kuyang'ana vavu, n'kupukusa mutu. "Achimwene, kavavu kowonda aka pampu yanga sikalowa. Muli ndi yanu?" Ndinali nayo. Anadula kachidutswa ka tayala lakale, n'kukaika m'kati pamene panang'ambikapo, n'kumata chubu ndi sulushoni, ndipo ndinafika kunyumba bwinobwino. Luso alipo nalo amisiri athu, chimene alibe ndi zipangizo za njinga imeneyi. Vavu yake ndi ya Presta, yosiyana ndi ya galimoto kapena ya njinga wamba, ndiye pampu yanu kapena kachitsulo kolumikizira kasamachoke m'thumba.

Wina asakunamizeni kuti tayala la 28 la njinga ya kabaza lilowa. Limu ya njinga zimenezo ndi ya mamilimita 635, ya gravel ndi 622. Kusiyana kwake kukuoneka kochepa koma sililowa ngakhale mutalimbana nalo tsiku lonse. Limene limafanana nayo limu ndi la mountain bike ya 29, koma nthawi zambiri limakhala lonenepa moti limakhula felemu.

Nditasintha matayala n'kuika opanda chubu, othira mankhwala a madzi otseka mabowo okha, kuponcha kunachepa kwambiri. Munga ukalowa, mumangoona kadontho koyera pa tayala, mukazunguliza gudumu bowo latsekeka. Koma mankhwalawa amauma pakapita miyezi ingapo, makamaka kukatentha, ndipo sapezeka chisawawa m'masitolo. Chimodzimodzi mapadi a mabuleki ndi tcheni cha magiya 11, chimene ndi chowonda kuposa tcheni wamba. Zonsezi ndimachita kuitanitsa n'kudikira. Munthu wa njinga ya Buffalo kapena ya kabaza akathyola sipoko pa Nsundwe, pomwepo apeza ina. Inu ayi. Ngati mukugula, muuzeni wogulitsayo akubweretsereni pamodzi tcheni china, mapadi angapo, machubu awiri ndi kachitsulo kamene kamagwira giya yakumbuyo ku felemu, chifukwa kamapindika njinga ikangogwera mbali ya tcheni ndipo felemu iliyonse ili ndi kakekake.

Nyengo ya mvula ili ndi zake. Pa katondo wonyowa imayenda ndithu, koma pa makande a m'dambo matope amaunjikana pakati pa tayala ndi foloko mpaka gudumu kuima. Mumatsika, kufuna kamtengo, kukanganula, kuyenda pang'ono, kutsikanso. Matope osakanikirana ndi mchenga amadyanso mapadi msanga ndi kupala penti. Kuyambira Januwale mpaka Malichi ndimasankha njira za kumtunda ndipo ndimatsuka tcheni pobwera paliponse. Miyezi imene njingayi imakoma zedi ndi Meyi mpaka Ogasiti, dothi litauma koma lisanasanduke fumbi lokhalokha.

Chishalo chake ndi cholimba, masabata oyamba chimapweteka, kenako thupi limazolowera, makamaka mukapeza kabudula wa siponji. Keliyala ilibe, ngakhale mabowo omangirapo alipo. Si njinga yonyamulira thumba la chimanga kapena mwana wa sukulu, ndipo m'tauni imakopa maso, ndiye loko yolimba ndi yofunika.

Kwa amene mukugula yakale ngati mmene ndinachitira ine, yang'anitsitsani foloko ya carbon padzuwa, makamaka pafupi ndi pamene gudumu limamangidwa ndi pamwamba polowera mu felemu. Pakaoneka kamng'alu ngakhale kakang'ono, isiyeni, chifukwa carbon saotcherera ngati chitsulo. Muyesenso msinkhu wake musanapereke ndalama: mukaimirira njinga ili pakati pa miyendo, pakhale mpata pakati pa inu ndi chitsulo chapamwamba, ndipo mukagwira mahandulo zigongono zikhale zopindika pang'ono.