Kuwonjezera Mphamvu Kapena Kutsitsa Volteji: Njira Iti Imathetsa Kutentha ndi Kuzima kwa Khadi la Magemu?

Munthu akakweza liwiro la khadi lake la zithunzi (chida cha m'kompyuta chojambula zithunzi za gemu pa sikirini), zimene osewera magemu amazitcha overclock, mavuto awiri sachedwa kumupeza, ndiwo kutentha ndi kusakhazikika. Gemu imayenda bwino kwa mphindi 20, kenako sikirini imachita mdima, kapena gemuyo imangodzitseka popanda chenjezo. Pofuna kuthetsa zimenezi anthu amagawanika pawiri. Ena amati khadilo lipatsidwe mphamvu yochuluka ndipo mafani azizungulira kwambiri, pamene ena amati litsitsidwe volteji kuti lisatenthe n'komwe. Ine ndili kumbali ya gulu lachiwiri, koma gulu loyambalo lili ndi mfundo zake zimene siziyenera kutayidwa.

Musanasankhe njira, onani kaye mmene vutolo likuonekera. Windows imadikira khadi kwa masekondi 2, ndipo likapanda kuyankha imayambitsanso driver, pulogalamu yoyendetsa khadilo. Zikatero, mu Event Viewer, mmene Windows imalembamo zochitika za kompyuta, mumapezeka uthenga wa nambala 4101, umene pa makhadi a NVIDIA umatchula dzina lakuti nvlddmkm. Pa khadi limene mwalikweza liwiro, uthengawu kawirikawiri umatanthauza kuti chip, imene ili ngati ubongo wa khadilo, ikukakamizidwa kuthamanga kuposa mmene volteji yake ingapirire. Timadontho tamitundumitundu ndi mizere yachilendo pa sikirini nthawi zambiri zimaloza ku memory ya khadilo, mmene limasungiramo zithunzi kwakanthawi. Koma kompyuta yonse ikazima ngati wina wazula pulagi pakhoma, yambani mwakayikira power supply, bokosi lopereka magetsi ku kompyuta, chifukwa makhadi monga RTX 3080 ndi RTX 3090 amakoka magetsi ochuluka mwadzidzidzi kwa kamphindi kochepa kwambiri, ndipo power supply yofooka imadziteteza pozima.

Njira yoyamba ndi yosavuta. Mu pulogalamu ya MSI Afterburner mumakankhira power limit (malire a magetsi amene khadi lingadye) kumapeto, mumawonjezera liwiro la chip pang'onopang'ono, ndipo mumakonza mafani kuti azifulumira kutentha kukangoyamba kukwera. Ubwino wake ndi wakuti imatenga nthawi yochepa, ndipo pa khadi lokhala ndi choziziritsira chachikulu imapereka liwiro lapamwamba kuposa njira inayo. Vuto lake lili pa mmene magetsi amagwirira ntchito: mphamvu imene chip imadya imakwera mofulumira kwambiri volteji ikakwera, moti ma MHz (muyeso wa liwiro) omalizirawo mumawagula ndi kutentha kochuluka kuposa phindu lawo. Komanso makhadi a NVIDIA amadzitsitsira okha liwiro m'masitepe a pafupifupi 15 MHz pamene akutentha, ndipo ambiri anakonzedwa kuti asapitirire madigiri 83. Choncho zimene mwawonjezera ndi dzanja lamanja, kutentha kumakulandani ndi lamanzere.

Pali chinthu chinanso chimene ambiri sachiganizira. Khadi likamagunda malire a mphamvu, limadumphadumpha pakati pa mavolteji osiyanasiyana, ndipo liwiro limene mwawonjezera limakhudza mavolteji onsewo. Likhoza kukhala lokhazikika pa volteji imodzi n'kulephera pa ina, ndipo n'chifukwa chake gemu imodzi imayenda tsiku lonse pamene ina imagwa mukangoyamba kumene.

Njira yachiwiri, ya undervolt kapena kuti kutsitsa volteji, imayambira penapake posiyana. Mu Afterburner mukadina Ctrl ndi F pamatuluka mzere wosonyeza liwiro limene khadi limathamanga pa volteji iliyonse. Mumasankha volteji imodzi yotsikirapo, mumakweza liwiro lake kufika pamene mukufuna, kenako mumayalitsa mzere wonse wa kudzanja lamanja kuti khadi lisapitirirenso pamenepo. RTX 3080, imene inatuluka mu 2020 ndipo inapangidwa kuti izidya mawati 320, imatha kupyola volt imodzi mukaisiya mmene inabwerera, koma eni ake ambiri amaiyendetsa pakati pa 850 ndi 900 mV (1000 mV ndi volt imodzi) popanda liwiro kutsika kwenikweni. Zotsatira zake ndi kutentha kochepa, mafani osasokosa, ndiponso liwiro losasinthasintha, chifukwa khadilo silikugundanso malire a mphamvu. Ngakhale power supply yofooka ija imapumako. Amene ali ndi makhadi a AMD Radeon amachitira zimenezi mu pulogalamu ya Adrenalin yomwe, ndipo khadi likagwa pulogalamuyo imabwezeretsa zonse mwakale.

Njira imeneyi imafuna kuleza mtima. Volteji ikatsika mopyola, khadi limagwa chimodzimodzi ngati mmene limagwera pa overclock, chifukwa vuto ndi lomwelo la liwiro lochuluka pa volteji yochepa. Ndiponso ma chip awiri a mtundu umodzi sapirira mofanana, kotero manambala amene mnzanu akugwiritsa ntchito ndi poyambira chabe. Khadi likagwa, tsitsani liwiro ndi 15 MHz kapena kwezani volteji sitepe imodzi, osati zonse ziwiri pakamodzi, kuti mudziwe chimene chathandiza.

Kwa ife okhala kumalo otentha kusiyana kwa njira ziwirizi kumakula. Choziziritsira sichingatsitse khadi kupyola mpweya umene chikukoka, ndipo chipinda chikatentha ndi madigiri 10, khadinso limatentha ndi pafupifupi madigiri omwewo. Overclock imene munaiyesa mu June ku Blantyre, kunja kukuzizira, ikhoza kukutembenukirani mu October. Undervolt imasiya mpata wolandirira kutentha kwa nyengoyo, pamene njira yoyamba imakhala itaudya kale mpatawo.

Pa nkhani ya memory, komabe, gulu loyamba lija, lofuna kuti mafani azizungulira kwambiri, likunena zoona. Liwiro la mafani nthawi zambiri limatsatira kutentha kwa chip, ndiye mukatsitsa volteji chip imazizira, mafani amachedwa, ndipo memory imatsala ikuwotcha popanda mphepo yokwanira. Memory ya GDDR6X, imene ili pa makhadi monga RTX 3080, imayamba kudzitsitsira liwiro ikafika madigiri 110, ndipo kutentha kwake mumakuona mu pulogalamu ya HWiNFO. Memory imeneyi ilinso ndi khalidwe losocheretsa, pakuti ikalakwitsa imatumizanso zimene zalakwikazo m'malo moonetsa timadontho. Motero mukhoza kuikweza mopyola osaona cholakwika chilichonse, pamene gemu ikuyenda pang'onopang'ono kusiyana ndi kale. Yesani ndi benchmark, pulogalamu yoyeza liwiro la khadi, nthawi iliyonse mukawonjezera, ndipo manambala akayamba kutsika bwererani m'mbuyo.

Mapulogalamu oyesera khadi nawonso amasiyana. FurMark imatenthetsa khadi kwambiri ndipo ndi yabwino poyesa choziziritsira, koma imalifikitsa msanga pa malire a mphamvu, liwiro n'kutsika, kotero siyesa liwiro lapamwamba limene gemu idzafikepo. OCCT imatha kuwerenga zolakwika zisanagwetse kompyuta, ndipo 3DMark ndi Unigine Superposition zimathandiza poyerekeza manambala. Koma ine sindikhulupirira makonzedwe alionse mpaka atapirira maola angapo m'gemu yolemera yokhala ndi ray tracing (njira yojambulira kuwala ndi zithunzithunzi ngati zenizeni), monga Cyberpunk 2077, pakuti magemu otere amafukula zofooka zimene mayeso ena amazidumpha.

Nthawi zina njira ziwiri zonsezi zimalephera, makamaka pa makhadi a kaunjika. Kuyambira mu September 2022, pamene ndalama ya pa intaneti ya Ethereum inasiya kukumbidwa ndi makhadi a zithunzi, makhadi ambiri amene anagwira ntchito usana ndi usiku analowa pamsika. Onani kusiyana kwa kutentha kwa chip yonse ndi kwa hotspot, malo otenthetsetsa a chipyo. Kukapitirira madigiri 25, kawirikawiri ndiye kuti thermal paste, imene imapakidwa pa chip kuti kutentha kuzipita ku choziziritsira, yauma kapena yatuluka m'mbali, ndipo palibe pulogalamu imene ingakonze zimenezo. Khadilo liyenera kutsegulidwa, kuchotsedwa fumbi ndi kupakidwa paste yatsopano, ndipo ngati mukusintha ma thermal pad a memory (mapepala ofewa opititsa kutentha ku choziziritsira), makulidwe ake afanane ndi akalewo, chifukwa okhuthala kwambiri amanyamula choziziritsira kuti chisakhudze bwino chip.

Pa khadi langa ndimachita motere: ndimayamba ndi undervolt, ndimabwereka ku njira yoyamba makonzedwe a mafani okha kuti memory isapyole madigiri 100, ndipo power limit ndimaisiya pamene inali. Ndikamaliza ndimasunga makonzedwe awiri mu Afterburner, ena a nyengo yozizira ndi ena otsikirapo ndi 30 MHz a miyezi yotentha.