Za boti lija ku Croatia, mwafunsa kwambiri

Abale chiikireni zithunzi zija foni sikupuma, ena mpaka akuti ndagula boti, ayi ndithu tinachita kubwereka kwa sabata imodzi, ndiye ndati ndifotokoze kamodzi onse amve.

Tinalipo anthu 7, ambiri timagwira limodzi ntchito yosamalira okalamba kuno ku Leeds, ku England. Tinayamba kusonkha mu Januwale ngati chipereganyu, ulendo tinauika mu Seputembala poti Julayi ndi Ogasiti mitengo yake siyosewera nayo. Ine ndi pasipoti yanga ya Malawi ndinayenera kupeza kaye viza ya Schengen, yomwe ndi ya mgwirizano wa mayiko ambiri a ku Ulaya, Croatia inalowa mmenemo mu 2023, chaka chomwe anayambanso kugwiritsa ntchito euro.

Mabotiwa amabwereketsa Loweruka mpaka Loweruka. Lathu tinakatengera ku mzinda wa Split, la matanga, zipinda 4 zothina moti ukagona mutu umagunda denga podzuka. Sangakupatse kuti uyendetse wekha opanda laisensi ya boti ndi ya wailesi yolankhulirana panyanja ya VHF, ndiye tinalemba kaputeni wa komweko, bambo wachikulire wosakonda zoyankhulayankhula. Dziwani kuti ndalama ya boti ndi chiyambi chabe, kaputeni mumalipira payekha komanso mumamudyetsa ndinu, kenako dizilo, msonkho wa alendo, ndalama yokonzera boti mukabweza, malo ogona padoko usiku uliwonse, ndi dipoziti yomwe amaigwira pa khadi mpaka aone kuti simunaswe kanthu. Musananyamuke jambulani pokalika paliponse.

Usiku woyamba panyanja tinagona ku Milna, pachilumba cha Brač. Kumeneko boti limafika padoko chambuyo ngati lole, ndiye wina amayenera kukola chingwe chomwe chimakhala pansi pa madzi n'kuthamanga nacho kutsogolo. Anandipatsa ine. Chingwecho chinatuluka choterera, chandere, tinkhono tathwa titamatirira ponseponse, ndinachekeka chikhatho koma osachisiya chifukwa mphepo imatikankhira ku boti la eni ake. Mawa lake ndinagula magulovu. Chimbudzi nacho ndi chopopa ndi dzanja, tishu osaponyamo, ndipo madzi osamba ndi a mu thanki basi, ukachita zotayirira anzako onse agona osasamba.

Koma chimene ndikufuna mumve ndi ichi. Lachiwiri tili ku Stari Grad pachilumba cha Hvar, mtima wonse uli ku chilumba cha Vis, kaputeni anadzuka, anayang'ana foni, anayang'ana kumwamba, n'kungoti lero sitichoka, kukubwera jugo. Anzanga ena anakwiya kuti talipira ndalama zambiri kuti tizingokhala padoko, kunja kuli dzuwa chonchi. Ine ndinangoti zii chifukwa jugo ndi mphepo yochokera kummwera chakummawa, mbali yomweyo imene kumachokera mwera kwathu, ndipo nkhope ya bambo uja inali ndendende ya malume ku Nkhotakota akamaletsa anyamata kukankha bwato. Tili ana tinkaona ngati akungouma mtima. Pofika masana zingwe za maboti onse zinali kulira, mitambo bii, ena omwe anatuluka mmawa anabwerera atanyowa osayankhulana. Tinakhala mkati kumaphika nsima ya ufa womwe ndinanyamula, kaputeni anadya ndi manja, anapemphanso ina.

Mphepo itagwa tinapita ku Vis. Injini anaizimitsa, matanga anadzaza, phokoso lonse linatha kungotsala madzi kumenya mmbali, abale ine misozi inalengeza osadziwa chifukwa chake. Chilumbachi chinali cha asilikali a Yugoslavia, alendo akunja sankaloledwa mpaka 1989, ndipo mpaka pano kuli mphanga yomwe anaboola m'thanthwe yobisamo sitima zankhondo. Ku Komiža, mudzi wa asodzi pachilumba chomwecho, tinadya masadini owotcha pamakala, ndinangokumbuka usipa wa pa thandala, maukonde ali mbwee, agogo ena akusoka pomwe panang'ambika osadzutsa mutu.

Lachisanu madzulo tinali titabwerera ku Split, tinathira dizilo, munthu wa eni boti analowa pansi pake kukaona ngati tinagunda mwala, dipoziti inabwerera yonse.

Chomwe chikundiwawa mpaka lero n'choti ndinabadwira mphepete mwa nyanja koma Likoma ndi Chizumulu sindinapondeko, Ilala ndinkangoyiwonera patali. Ndikabwera chaka chamawa mwera ukatha ndikwera basi. Achimwene muwauze malume akonzeke ndikufuna tipite tonse, tikiti yawo ndi ya ine.